ALP ija yandilowa tsopano

Eee anzanga, nkhani ya ursodeoxycholic acid (UDCA), mankhwala a matenda a chiwindi ndi ndulu, yandilowa m'mutu, mpaka mtima wakhala pansi. Za ALT ndi AST, ma enzyme amene amakwera m'magazi maselo a chiwindi akavulala, sindichedwapo. Chimandizunguza chinali ichi: mankhwala amene nawonso ndi bile acid (asidi wa mu ndulu) angatsitse bwanji ALP ndi GGT, ma enzyme ena a chiwindi amene timayeza m'magazi, zomwe zakwera chifukwa cha bile acid yemweyo?

Kani ma bile acid sali ofanana. Ndulu ikaima osayenda, aukali aja monga chenodeoxycholic ndi deoxycholic amachita ngati sopo, kumasungunula mafuta a pakhungu la maselo, chiwindi nkuyamba kupanga ALP yambiri yomwe imathawira m'magazi. Ndiye ALP ikakwera, usathamangire kuti maselo afa, kawirikawiri ndi ndulu yakakamira. UDCA ndi wofatsa, amagwirizana ndi madzi, ukamamwa daily amalanda malo a aukaliwo mpaka kufika pafupifupi theka la bile acid yense, komanso amakankha ndulu iziyenda. Basitu. Pa primary biliary cholangitis, matenda owononga timachubu ta ndulu ta m'chiwindi, amapereka 13 mpaka 15 mg pa kilo patsiku, ALP ndi GGT zimayamba kutsika m'miyezi yoyamba, koma chigamulo chenicheni choti mankhwala agwira kapena ayi amapanga pakatha miyezi 12.

Ine zinandilowa nditajambula kuseri kwa kalendala yakale, kachubu ka ndulu ndi bolopeni yofiira, mivi ya UDCA ndi yabuluu. Ndikunenetsa, kujambula kumaposa note iliyonse, amene sajambula akungoloweza, mayeso akatha ziuluka. Aphunzitsi ena amangowerenga ma slide liwiro la minibasi, ukafunsa akuti kawerengeni nokha, kuwerenga nthawi yanji munthu wachoka ku ward 5 koloko, kutentha kwa Nkhotakota kuno magetsi azimanso, foni ili pa 9%.

China chondisangalatsa, mayi woyembekezera amene akuyabwa m'manja ndi kumapazi usiku chifukwa ndulu yakakamira, ALP yake siyodalirika poti nsengwa nayo imapanga ALP. Timayang'ana bile acid wam'magazi, koma akayamba UDCA nambalayo itha kukwera chifukwa makina amawerengera limodzi ndi mankhwalawo. Ndipo kuno kunyanja tisaiwale likodzo la m'matumbo, chiwindi chimatha kuuma, kapamba kutupa, ma LFT (zoyeza chiwindi m'magazi) ali bwinobwino.

Pomwe ndakakamirabe ndi pa primary sclerosing cholangitis, matenda ena amene machubu a ndulu amauma nkuphinjika. Kafukufuku wa 2009 anapereka dozi yayikulu ya UDCA, 28 mpaka 30 mg pa kilo patsiku, ma LFT anatsika bwino koma odwalawo ndi amene anakumana ndi mavuto ambiri kuposa a placebo (mapiritsi opanda mankhwala). Ndiye ALP ikatsika tizisangalala liti? Pa kalendala yanga muvi umenewu sukupezeka pokhala, mwina vuto ndi lithocholic acid, bile acid waukali amene amapangika m'matumbo kuchokera ku UDCA, kaya, mawa ndiyesa kufunsa pa round ngati atandipatsa mpata.