Masitepe 311 a ku London ndi gemu ya mphwanga

Nditakwera theka la masitepe ndinaima, msana nditatsamiza kukhoma lozizira, mawondo akunjenjemera. Mphwanga, mwana wa achemwali anga wa zaka 11, anali atafika kale pamwamba, mawu okha akutsetsereka m'masitepe opotapota aja: "Amalume, mwatsala pang'ono!" Bodza lenileni. Masitepe a Monument, chipilala chokumbukira moto waukulu umene unatentha London mu 1666, alipo 311 ndipo chikepe mulibe.

Kubwera kuno anakakamira ndi iyeyo. Ine ndinkafuna kukajambulitsa pa Buckingham Palace ngati alendo anzanga. Sabata yonse ndinali ndikudandaula kwa mayi ake kuti mwanayu akutha maso ndi Minecraft, gemu yomanga zinthu ndi timabuloko yopanda zigoli, yopandanso wopambana. Koma titatuluka pa siteshoni ya Monument, anandikoka dzanja n'kundilowetsa m'kamsewu kopanda ulemu konse, kodzaza maofesi, kotchedwa Pudding Lane. Akuti pamenepo panali bekale ya Thomas Farriner, pomwe moto unabuka usiku wa pa 2 September 1666. Nyumba zinali zamatabwa, zothinana, chilimwe chinali chouma, mphepo ikuwomba kuchokera kum'mawa. Meya wa mzinda, Thomas Bloodworth, anazengereza kulamula kuti agwetse nyumba zina kuti moto usowe podumphira. M'masiku anayi nyumba zoposa 13,000 ndi matchalitchi 87 zinali phulusa, tchalitchi chachikulu chakale cha St Paul's nachonso.

Ndinamufunsa ngati anaphunzira kusukulu. Pang'ono, akuti, koma misewu anaidziwira m'gemu. Mu 2016, pokumbukira zaka 350 za motowo, nyumba yosungira mbiri ya mzindawu ya Museum of London inatulutsa mapu a Minecraft a mzinda wakalewo, momwe umayenda wekha pakati pa nyumba zija, kenako moto n'kuyaka iwe uli momwemo.

Pamwamba pali chitsulo chotchinga ngati khola la nkhuku, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Chipilalachi n'chotalika mamita 61, ndipo mtunda wochoka patsinde pake kufika pomwe panali bekale ija ndi womwewo. Akatswiri a zomangamanga Christopher Wren ndi Robert Hooke ndiwo anachilinganiza, chinatha mu 1677. Ine ndikupuma mwawefuwefu, iye akuloza mtsinje wa Thames, Tower Bridge, denga lozungulira la St Paul's yatsopano. Kenako anangoti zii.

Apa m'pamene anandiuza nkhani ya seva yawo, malo a pa intaneti omwe amaseweramo Minecraft pamodzi ndi anzake. Ali ndi anzake asanu ndi mmodzi, ena sanawaonepo n'komwe, ndipo anatha miyezi iwiri akumanga Pudding Lane yawoyawo, nyumba ndi nyumba, zonse zamatabwa. Tsiku lina polowa anapeza wina wayatsa moto, patsala miyala yokha. Onse anagwirizana kuti ndi mnyamata watsopano amene analowa sabata yomweyo, Chingerezi chake chothyokathyoka. Anamuchotsa. Patapita masiku, mnzawo wakalekale anaulula kuti ankangoyesa kuona ngati moto ungayendedi ngati wa 1666.

"Munamubwezeretsa mnyamata watsopano uja?"

"Tinamulembera, amalume. Sanayankhe."

Sindinamuuze nthawi yomweyo za Robert Hubert, Mfalansa wokonza mawotchi amene ananyongedwa chifukwa cha moto wa London, pomwe zinadziwika pambuyo pake kuti anafika mumzindawo moto utayamba kale. Ngakhale chipilala chomwe tinaimapochi chinalembedwapo mawu oloza chala Akatolika mu 1681, ndipo anawafufuta mu 1830. Ndinadzamuuza tili m'sitima pobwerera. Iye anali akudziwa kale.

Malangizo ochepa kwa ofuna kupitako: musanyamule chikwama chachikulu, masitepe ndi opapatiza ndipo mumapatukirana ndi otsika. Mukatsika amakupatsani satifiketi yoti mwakwera, yanga ndaisunga pamodzi ndi ya MSCE. Museum of London ija inatseka malo ake akale a ku London Wall mu December 2022 posamukira ku Smithfield, ndiye yambani mwafufuza musanawononge ndalama ya sitima. Tiyi ndi kakeke kamodzi chapafupi pomwepo zinandidya mapaundi 8, ndalama yomwe ndinalakwitsa kuiwerengera m'makwacha ndisanameze.

Madzulo ake anandipatsa kontirola kuti ndimange kanyumba kanga pa seva yawo. Ndinasankha matabwa, iye n'kundilanda, n'kundipatsa njerwa. Akuti ku London nako moto utatha lamulo linali lomwelo.