Tsiku limene mutu unatifera pakati pa Khonjeni ndi Luchenza

Tinanyamuka pa Sandama mabogi atadzaza nthochi, ine ndili gadi kubogi yakumbuyo. Titangopitirira Khonjeni, mutu wa sitima, injini yokoka mabogi, unayamba kutsokomola, kenako zii. Adalaivala anayesa kuuliza kangapo, koma sunayankhe.

Apaulendo ankafuna kuona munthu atagwira sipanala. Ine ndinayamba ndi kumanga mabuleki amanja, chifukwa kuchokera kumunsi kupita ku Limbe njanji imangokwera, ndipo mutu ukazima nthawi yaitali mabuleki enawo sungawadalire. Sitima ikhoza kubwerera yokha chakumbuyo.

Kenako ndinatenga mbendera yofiira ndi tizitsulo tophulika, n'kuyamba kubwerera wapansi m'njanji momwemo. Wothandizira adalaivala analowera kutsogolo. Tizitsuloti timamangirira pamwamba pa njanji, patali ndithu ndi sitima yakufayo. Gudumu likatiponda timalira ngati mfuti, dalaivala n'kuima pomwepo. Kutaliko kuli n'chifukwa chake: sitima yolemedwa imatha mtunda wautali isanaime, ndipo siingakhotere kumbali ngati minibasi. Njanji imeneyi, imene inafika ku Blantyre mu 1908, ndi imodzi yokha. Sitima zimapatukirana pasiteshoni basi.

Uthenga utafika kwa oyendetsa ndondomeko ya sitima ku Limbe, chigawo chonse cha pakati pa masiteshoni awiriwo chinatsekedwa. Sitima ya katundu yomwe inkatsika inaimitsidwa pa Luchenza. Anaikankhira panjanji yapambali, n'kumasula mutu wake kuti udzatikoke.

Apa ndi pamene anthu amatopa nafe. Mayi wina anandifunsa, “Bambo, Luchenza ndi apa, mutuwo ukubwera chokwawa?” Ndinati, “Mayi, mwalasa.” Lamulo n'lakuti chigawo chimodzi, sitima imodzi. Kuti mutu wachiwiri ulowemo pamafunika chilolezo chapadera cholemba, chonena pamene taima, ndipo ife sitiyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Wathu uja akanadzuka mwadzidzidzi, tikanakhalabe pomwepo, chifukwa kuyenda kukanakhala kupita kukawombana ndi wotipulumutsa. Zimenezi kuzifotokoza kwa munthu yemwe nthochi zake zikupsa ndi dzuwa n'kovuta, ndipo sindinamudandaule.

Mutu wodzatikokawo unatulukira pang'onopang'ono ukuliza hutala, n'kuima pambendera. Wothandizira adalaivala uja anakwera n'kuutsogolera mpaka unagunda bwinobwino. Analumikiza ngowe ndi mapaipi a mabuleki. Adalaivala anandiitana ndi hutala, ndinatola tizitsulo tanga, tinayesa mabuleki mpaka bogi yomaliza, kenako ndinamasula amanja aja limodzilimodzi.

Tinalowa mu Luchenza dzuwa litapendeka. Wakufa uja tinamusiya panjanji yapambali, asitima ya katundu anagona pomwepo kudikira mutu wina, ife n'kupitirira. Mayi uja anatsika ndi mikoko yake iwiri, akuti ku Limbe afika msika utatha, bola agulitse pa Luchenza pomwepo.