Mluza wa ng'ombe ndi makola athu

Ine ndimaweta ng'ombe zamkaka ku Thyolo, ndipo monga alimi anzanga ambiri kuno, nkhunzi sindisunga. Ng'ombe ikayamba kulira ndi kukwera zinzake, timaimbira mlangizi wa ziweto, iye n'kubwera ndi umuna wa m'kachubu. Zimenezo tinazolowera. Koma umuna umabweretsa mbali ya nkhunzi yokha. Pali njira ina imene madokotala a ziweto amaitchula embryo transfer, yosamutsa mluza wathunthu, ndipo yandisowetsa tulo.

Amasankha ng'ombe yaikazi yabwino kwambiri n'kuibaya majakisoni a mankhwala otchedwa FSH kwa masiku angapo kuti ikhwimitse mazira ambiri m'malo mwa limodzi. Akaipatsa umuna amadikira masiku 7, kenako amatsuka chiberekero ndi madzi apadera kudzera m'kapaipi kofewa, osaing'amba. M'madzimo amapezamo miluza, kawirikawiri isanu kapena isanu ndi umodzi yabwino, yaing'ono moti amaifufuza ndi maikulosikopu. Uliwonse amauika m'ng'ombe ina imene nayonso yatha masiku 7 chifunireni nkhunzi, kapena amauumitsa mu nayitrojeni wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, mmene ungakhale zaka zambiri. Ng'ombe yolandirayo imasenza bere miyezi isanu ndi inayi, imabereka, imayamwitsa, koma tholelo silitengera kanthu kwa iyo, kaya mtundu wa ubweya kapena kuchuluka kwa mkaka.

Si zatsopano ayi. Walter Heape anazichita pa akalulu ku England mu 1890, thole loyamba linabadwa ku Wisconsin mu 1951, ndipo la mluza woumitsidwa linabadwa ku Cambridge mu 1973.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi. Mu 1988 akatswiri a CSIRO, bungwe la boma la Australia lofufuza za sayansi, anabwera konkuno kwa anansi athu. Anatenga miluza ya ng'ombe za Boran ku Zambia ndi ya Tuli ku Zimbabwe. Chifukwa choopa matenda, sanapite nayo kwawo mwachindunji. Anakaiika m'ng'ombe za ku Australia pa zilumba za Cocos, pakati pa nyanja ya Indian, ndipo matole obadwa kumeneko ndiwo anafika ku Australia mu 1990. Anthu okhala ndi ng'ombe zamitundumitundu, ndalama ali nazo, anavutika chonsecho kufuna chiyani? Ankafuna ng'ombe yopirira dzuwa, yobereka ngakhale msipu uli wochepa. A Cyril Ramaphosa a ku South Africa nawonso ataona ng'ombe za Ankole ku Uganda mu 2004, malamulo a zaumoyo wa ziweto sanalole kuti zilowe ku South Africa zamoyo. Anazipititsa ku malo osungirako nyama a Ol Pejeta ku Kenya, ndipo zinafika kwawo ngati miluza.

Ife kuno tikamva za njirayi timangoganiza zoitanitsa ng'ombe zamkaka zachizungu za Holstein ndi Jersey. Sindikutsutsa, mkaka ndiwo umalipirira ana anga sukulu. Ndipo phindu lilipo: thole lobadwira m'khola lathu limayamwa mkaka woyamba wachikasu uja kwa mayi wa konkuno, n'kulandira chitetezo ku matenda ena a m'dera lino, pamene msoti wobwera pa lole kuchokera kunja umakumana ndi nkhupakupa ndi chigodola uli wosakonzeka. Koma ng'ombe yathu ya linunda, Malawi Zebu, ndani akuiganizira? Timaiderera chifukwa mkaka wake sudzaza ndowa, n'kumaisakaniza ndi zachizungu chaka ndi chaka. M'midzi muli zina zimene zimabereka pafupipafupi, zimadutsa Okutobala zikudya mapesi okhaokha, nkhupakupa zili thupi lonse koma osagwa. Zoterezi ndiye zofunika kuzifufuza, kuzilemba m'kaundula ndi kusunga miluza yake zisanasowe. Ndikanakonda ophunzira za ziweto ku Bunda ndi akuluakulu a za ziweto a ku Mikolongwe akanaiika nkhaniyi patsogolo.

Kwa mlimi mnzanga amene mtima wadumpha kale, dekhani pang'ono, achimwene. Njirayi ndi yodula, ndipo ngakhale kumene amaidziwa bwino, mwa miluza khumi youmitsidwa imene imagwira ndi pafupifupi theka. Ng'ombe yolandira ikakhala yowonda, nthiti zili pamtunda, ndalama zanu zalowa m'madzi. Iyenera kudya nsenjere ndi madeya mokwanira, kumwa madzi abwino, kupoperedwa mankhwala a nkhupakupa pa nthawi yake. Kukula kwa thupi nakonso n'kofunika: mukaika mluza wa Holstein m'kang'ombe kachikuda kakang'ono, thole likhoza kukula mopitirira njira yake, tsiku lobereka n'kutaya mayi ndi mwana yemwe. Ndipo thole la malita ambirilo likakula lidzafuna chakudya cholingana ndi malitawo, mwezi wa Okutobala womwewo, pamene nsenjere ya m'dimba yauma ndipo madeya akwera mtengo.