Zimene ndaphunzira pa mabuleki a galimoto zakale ndi zaliwiro

Anthu ambiri akafuna kukonza mabuleki a galimoto yakale amathamangira kugula ma disiki akuluakulu (mbale zachitsulo zozungulira limodzi ndi tayala) ndi ma caliper onyezimira (zida zimene zimapana mbalezo kuti galimoto iime). M'maphunziro anga ndafika poona kuti zimenezi ziyenera kubwera pomalizira. Ngati mabuleki omwe alipo amatha kumanga matayala mpaka kukhukhuluzika pamsewu, disiki yaikulu siifupikitsa mtunda woimira mukaponda koyamba. Pamenepo nkhani ili pa matayala. Ubwino wa disiki yaikulu umaoneka mukaponda mobwerezabwereza, zitsulo zitatentha.

Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake galimoto ya Jaguar C-Type inapambana mpikisano wa Le Mans ku France mu 1953 ili ndi ma disiki a Dunlop: disiki imazizira msanga poti ili pamphepo, pomwe dilamu (buleki yooneka ngati mphika) imasunga kutentha mkati, n'kufutukuka, n'kutalikirana ndi ma shoe ake, zida zimene zimaigwira mkati.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mafuta a mabuleki. Mafutawa ali m'magulu otchedwa DOT. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205 a Celsius, DOT 4 madigiri 230, DOT 5.1 madigiri 260. Koma mafutawa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo DOT 4 akamwa madzi malire aja amatsika kufika pa 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Woyendetsa amangomva phazi likulowa mpaka pansi galimoto ikupitabe. Galimoto zakale zimakhalitsa zili chiimire, eni ake n'kumaganiza kuti poti sizikuyenda palibe chikuwonongeka. Chinyezi chija chimakhala chikudya ma cylinder a mabuleki ndi dzimbiri. Kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse n'kotchipa, koma ndi kumene ambiri amakunyalanyaza, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa apa pali moyo wa anthu. Posinthapo dziwani kuti DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi enawo ngakhale dzina likufanana ndi 5.1.

Galimoto zambiri zopangidwa zaka za m'ma 1960 zisanathe zili ndi master cylinder (pampu yokankha mafuta mukaponda buleki) ya njira imodzi. Paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi alibe buleki. Ine ndikanayambira pamenepo: kuika ya njira ziwiri, n'kusintha mapaipi onse a labala, popeza amatupa mkati kunja akuoneka abwinobwino.

Ndiyeno pali kugawa mphamvu. Mukaika ma disiki kutsogolo n'kusiya madilamu kumbuyo, pamafunika proportioning valve yoyenera (chida chochepetsa mphamvu yopita ku mabuleki akumbuyo), chifukwa matayala akumbuyo akayamba kumanga ndiwo, galimoto imazungulira. Ma pad (tizida timene timakhudzana ndi disiki mukaponda buleki) a mpikisano nawo ambiri sagwira bwino akadali ozizira, choncho pamsewu wamba sathandiza.

Potsegula dilamu ya galimoto yakale osapemerera fumbi lake ndi mpweya. Ma shoe akale ambiri anali ndi asbestos, yemwe amawononga mapapo. Linyowetseni kaye, kenako pukutani.