Ntchito ya m'kalasi imene inandibwezera ku maliro a ku Matero

Pa sabata yachitatu ya phunziro lathu la mafilimu, aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense alembe mafilimu atatu amene amawakonda kwambiri, ndipo pansi pa filimu iliyonse afotokoze chifukwa chake popanda kugwiritsa ntchito mawu akuti "ndi yabwino" kapena "ndi yosangalatsa". Ndinkayesa kuti ndimaliza zonse ndili m'minibasi yochokera m'tauni ya Lusaka kupita ku komboni ya Chawama, koma ndinatsika pasiteji nditangolemba mayina okha. Zifukwa zinandivuta masiku anayi, chifukwa ndinazolowera kuonera filimu n'kungoti yandikhudza, osadzifunsa kuti yandikhudza pati ndiponso kuti amene anaipanga anachita chiyani kuti zitero.

Dzina loyamba kubwera m'mutu linali Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imene anatsogolera Godwin Mawuru pa nkhani yolembedwa ndi Tsitsi Dangarembga. Ndinaionera koyamba ndili mwana m'kachipinda koonetsera mavidiyo ka m'komboni, momwe tinkakhala pamabenchi a matabwa mawindo atatchingidwa ndi masaka, ndipo kawirikawiri ankaonetsamo mafilimu a karate ndi a ku Nigeria. Nkhani yake ndi ya mayi wa ku Harare amene mwamuna wake Patrick wamwalira mwadzidzidzi, kenako mlamu wake Phineas akuyamba kutenga ndalama ndi katundu amene banjalo linapeza movutikira, akumati mwambo ukumulola kutero. Pa nthawiyo ndinangoikonda chifukwa cha nyimbo ya Oliver Mtukudzi, amenenso anasewera ngati mlongo wake wa Neria. Tanthauzo lake ndinadzalimvetsa patapita zaka, bambo aang'ono atamwalira ku Matero mu Lusaka. Tisanamete n'komwe, abale akuchimuna anabwera ndi galimoto yabenibeni n'kupakira firiji, mipando, makina osokera ngakhalenso mapoto, ndipo amayi aang'ono anangokhala pamphasa atafunda chitenje kumutu osayankha kanthu, poti wamasiye sayenera kukweza mawu pamaliro. Ife ana tinauzidwa kuti tikasewere kuseri kwa nyumba.

Polemba ntchitoyi ndinakafufuza lamulo la kuno ku Zambia lokhudza chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo, ndipo ndinapeza kuti linakhazikitsidwa kale mu 1989. Limati magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndipo 10 kwa ena amene ankadalira iye. Zikutanthauza kuti tsiku limene firiji ija inkakwezedwa m'galimoto, lamulo linali kumbali ya amayi aang'ono, koma panalibe amene analitchula. Aphunzitsi anatiuza kuti Neria inapangidwa ndi cholinga chophunzitsa anthu za ufulu wa amayi amasiye, ndipo zimenezi zimaonekadi, makamaka kumapeto kumene nkhani ikukathera kukhoti ndipo zinthu zikulongosoka mosavuta kusiyana ndi mmene zimakhalira kwathu kuno. Chimenecho ndimachiona ngati chofooka chake, komabe sindinaichotse pamndandanda, chifukwa inali filimu yoyamba kundionetsa pagulu chinthu chimene kunyumba kwathu chinkangonong'onedwa.

Yachiwiri inali I Am Not a Witch ya mu 2017, ya Rungano Nyoni, amene anabadwira mu Lusaka muno n'kukakulira ku Wales. Filimuyi inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya ku Britain ya BAFTA imene imaperekedwa kwa munthu amene wapanga bwino filimu yake yoyamba. Mtsikana wamng'ono, amene akudzapatsidwa dzina loti Shula, akunamiziridwa ufiti n'kutumizidwa kumalo osungirako amayi okalamba otchedwa afiti. Mayi aliyense wamangiriridwa kumsana riboni yoyera yaitali yochokera pa chokulungira chachikulu, akuti n'cholinga choti asauluke, ndipo mwanayo akuuzidwa kuti akaidula asanduka mbuzi. Pano m'pamene ndinaphunzirira kwambiri za luso la kamera. Nyoni sanaike munthu woti aime n'kulalikira kuti amayiwa alibe ufulu. Anangotionetsa mariboni akuwedezeka pamphepo pamene amayiwo akulima m'munda wa eni, ndipo woonera amayamba yekha kuyeza ndi maso utali wa riboniyo, n'kudziwa pamene mayi aliyense ayenera kulekezera. Mkazi wa bwana wina wa boma, Bambo Banda, amakhala m'nyumba yabwino ndipo amavala zapamwamba, koma nayenso ali ndi riboni yake. Nditafika pamenepo ndinaimitsa filimuyo pafoni n'kukhala chete kwakanthawi, chifukwa ndinakumbukira amayi angapo apabanja amene ndimawadziwa.

M'kalasi tinatsutsana kwambiri za filimuyi. Mnzanga wina wa ku Kabwata ananena kuti inapangidwa kuti azungu aseke dziko lathu, popeza mariboni amenewo kulibe kuno, ndiponso Nyoni anakaphunzira za malo osungirako "afiti" ku Ghana. Mfundo yake si yopanda pake, ndipo inenso malo ena ndinaseka kenako n'kudzifunsa ngati kunali koyenera kuseka. Koma ndinamuyankha kuti nthano za agogo athu nazonso zimalankhulitsa kalulu ndi fisi, ndipo palibe amene amaziimba mlandu wa bodza, chifukwa aliyense amadziwa kuti zikunena za anthu. Kunamizira okalamba ufiti kokha si nthano, timakumva pawailesi chaka ndi chaka.

Filimu yachitatu ndi ya Nyoni yemweyo, On Becoming a Guinea Fowl ya mu 2024, imene inam'pezetsa mphoto ya wotsogolera wabwino m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes. Ndinazengereza kuika mafilimu awiri a munthu mmodzi, koma ndikanaisiya ndikananama. Ikuyamba usiku pamene Shula wina, mayi wachitsikana amene anasewera Susan Chardy, akuchokera kuphwando n'kupeza mtembo wa amalume ake a Fred uli pamsewu, ndipo chodabwitsa n'chakuti sakulira. Zotsatira zake zonse zikuchitikira panyumba ya maliro, ndipo aliyense amene anagonapo pamaliro mu Lusaka azindikira chilichonse: mipando yatulutsidwa panja, amayi adzaza m'nyumba pansi, abambo akhala panja kudikira chakudya, atsikana ali pamoto usiku wonse, ndipo azakhali akuyang'anitsitsa kuti aone amene sakulira mokwanira. Pang'onopang'ono zikuululika kuti womwalirayo ankagwirira ana achitsikana a m'banjamo, ndipo akuluakulu ankadziwa. M'malo mokamba zimenezo, abale akutembenukira mkazi wamasiye, amene ndi wamng'ono kwambiri, n'kumamudzudzula kuti sanasamale mwamuna wake.

Ambiri mwa mawu a m'filimuyi ndi a Chibemba, koma palibe Mchewa kapena Mnsenga amene angati zimenezo n'zachilendo kwawo. Tonse tinakula tikumva kuti za m'nyumba sizitulukira kunja ndiponso kuti wakufa sanenedwa zoipa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Nyoni sanawasandutse azakhali aja zilombo. Pali pamene akuwazungulira atsikanawo mwachikondi chenicheni n'kuwaimbira, ndipo woonera amaona kuti amayi omwewo amene akubisa mlanduwo ndi amene anawalera, mwinanso nawo anakumana ndi zomwezo ali ana. Ndinalemba m'kope langa kuti kuipa kukanakhala kosavuta kukuda kukanabwera ndi nkhope ya mdani, koma pano kwabwera ndi nkhope ya munthu amene anakubereka kumsana. Mutu wa filimuyi ukuchokera ku khalidwe la nkhanga, imene imalira mokweza ikaona chilombo n'kuchenjeza nyama zinzake. Agogo anga ku Katete ankaweta nkhanga, ndipo phokoso lake linkatinyansa m'mawa uliwonse, moti sindinaganizepo kuti wina angamange nkhani yonse pa kulira kumeneko.

Nditawerenganso zimene ndinalemba, ndinaona kuti mafilimu onse atatu akukamba za mkazi amene anthu am'khalira bwalo iye osapatsidwa mpata woyankha, ndipo awiri mwa iwo ndi a maliro. Sindinachite kukonza kuti zikhale choncho. Aphunzitsi pobweza mapepala anandifunsa kuti, "Kodi mwasankha mafilimu kapena mwasankha amayi anu aang'ono?" Ndinayankha kuti, "Aphunzitsi, mwina zonse ziwiri." Iwo anati zimenezo si cholakwa, koma wophunzira mafilimu ayenera kudziwa kusiyanitsa zimene filimu yam'patsa ndi zimene iye wabwera nazo, apo ayi adzatamanda filimu yofooka chifukwa chongoti yakhudza bala lake. Ndikuganiza kuti pa Neria ananena zoona, koma pa mafilimu a Nyoni ndikanatha kuwaonetsa ndi chala malo enieni amene luso lili.

Anzanga ambiri analemba The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene anatsogolera Chiwetel Ejiofor, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, dayinamo ya njinga ndi buku la mulaibulale. Ine ndinaisiya dala, ndipo chifukwa chake chinali chilankhulo. Ochita sewero akuluakulu sanali a Chichewa chobadwa nacho: Ejiofor ndi wa ku Britain, Maxwell Simba amene anasewera ngati William ndi wa ku Kenya, ndipo mawu ena amatuluka mokhota moti ndinkachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa pansi kuti ndimve chilankhulo changa chomwe. Ndinkaona ngati filimuyo inapangidwira anthu akutali amene sangazindikire kusiyanako.

Loweruka lina madzulo magetsi atazima, monga ankachitira kawirikawiri madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala cha 2024, ndinawaonetsa amayi filimuyo pa laputopu imene inali ndi moto wokwanira maola awiri okha. Poyamba ankaseka katchulidwe ka mawu n'kumabwereza ena mwachipongwe. Koma itafika pamene banja la Kamkwamba likugwirizana zoti lizidya kamodzi patsiku, ndiponso pamene anthu akukanganirana chimanga pamsika wa boma, anasiya kuseka. Njala ya 2001 ndi 2002 ija inafikanso kum'mawa kwa Zambia, ndipo iwo anali kumudzi ku Katete akudwazika agogo. Anayamba kundiuza zinthu zimene sanandiuzepo, za gaga amene ankaphika ngati nsima, za mango aawisi owiritsa, ndi za mbuzi zimene zinagulitsidwa pamtengo wa nkhuku. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga Chichewa chokhota chija sichikukusokonezani?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ukumvera pakamwa, ine ndikuona m'mbale."

Pepala langa linali litaperekedwa kale, choncho sindinasinthe mndandanda, ndipo maganizo anga pa nkhani ya chilankhulo akadali omwewo. Ntchito yotsatira imene tapatsidwa ndi yosankha chigawo chimodzi cha filimu chosapitirira mphindi zitatu, n'kufotokoza pamene kamera yaima, zimene zikumveka ndi zimene zasiyidwa kunja kwa chithunzi. Ndasankha chigawo cha chakudya chamadzulo m'nyumba ya a Kamkwamba, ndipo amayi avomera kuti tidzachionerenso limodzi Lamlungu tikachoka kutchalitchi, bola ndidzatchajiretu laputopu.