Tsiku limene mimba yanga inayimba nawo

Nyimbo za trip-hop, zija zinatchuka mumzinda wa Bristol ku England m'zaka za m'ma 1990, zimakoma chifukwa sizithamanga. Ng'oma zimayenda pa BPM 70 mpaka 90, kutanthauza kugunda kwake pa mphindi imodzi, besi imagunda pansi penipeni, ndiye pamwamba pake pamabwera mawu a mayi, monong'ona, ngati akukuuza chinsinsi kukhutu. Kunong'onako n'kumene kunandigwetsa m'mavuto.

Mawu onong'ona amafika pa maikolofoni ali ofooka. Choncho umatenga maikolofoni ya condenser, yomwe imamva ngakhale timawu tofooka, kuyatsa magetsi ake a 48V, kumuimika woyimba masentimita 15 kuchokera pamenepo, n'kukweza gain, mphamvu ya mawu olowa, osaumira. Kenako compressor, chida chochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika, ine ndimaika 4:1, kuti ngakhale kupuma kwake kumveke. Pomaliza reverb ya masekondi 4, yopangitsa mawu kumveka ngati ali muholo yaikulu. Koma zida zimenezi sizisankha. Chilichonse cholira m'chipindamo zimachikweza ndi kuchikometsera mofanana.

Tsiku lina, pojambula mayi wina akuyimba nyimbo yotere, ndinazimitsa fani, firiji ndi mafoni. Maikolofoni ya cardioid imamva zakutsogolo, kumbuyo kwake ndi gonthi, ndiye wojambula amayenera kukhala kuseri kwake. Ine chingwe cha mahedifoni chinandiperewera, n'kukhala kumbuyo kwa woyimba, maikolofoni itandiloza bwinobwino. Komanso ndinali ndisanadye.

Pavesi yachiwiri, pamene ng'oma zimasiya kuti mawu atsale okha, mimba yanga inati guuu, n'kukwera pang'ono kumapeto ngati ikufunsa funso. Mayiyo anali atatsinzina. Anaimva m'mahedifoni itavala kale reverb, n'kuganiza kuti ndi kaphokoso koikamo dala. Atamaliza anati, "Achimwene, imeneyi ndiye yake. Sindibwerezanso."

Ananena zoona, anali asanayimbepo bwino chonchi. Ine ndinangogwedeza mutu.

Usiku ndinayamba nkhondo. High-pass filter, sefa yodula mawu apansi, ikakhala pa 80 Hz imachotsa kugunda kwa mapazi ndi magalimoto odutsa, koma mimba inali pamwamba pa pamenepo, itakhala pomwe mawu a munthu amanenepera. Nditakweza mpaka 300 Hz inachepadi, koma woyimba anayamba kumveka ngati ali pafoni. Noise gate, chipata chotsekera phokoso, imatseka pokhapokha pali zii, pamene mimba inalira iye akukoka liwu lalitali. Pulogalamu yochotsa phokoso imafuna phokoso losasintha, monga la fani. Mimba yanjala ilibe khalidwe limenelo.

Zitakanika, ndinaganiza zoibisa poyera. Ndinathira kuthetheka kwa rekodi yakale, n'kuika synth yofewa, chida choyimbira chopanga mawu ndi magetsi, pansi pake, pa noti yoyandikana ndi imene mimba inayambira. Zinagwirizana mochititsa manyazi.

Tsiku lomvetsera tinali ochepa, magetsi titachepetsa, poti nyimbo zotere sizifuna kuwala. Itafika vesi yachiwiri, mnzanga wina wodziwa zida anakweza dzanja.

"Tabwezani pamenepo. Kulira kumeneko kukundifika pamtima. Ndi synth yanji?"

Ndinati ndi ya analog, yakale kwambiri, yosowa.

"Ndimadziwa! Zapakompyuta sizingalire chonchi."

Ndinaimitsa nyimbo kuti ndibweze, m'chipinda monse munati zii. Pomwepo synth yosowayo inalira yokha, yopanda reverb, ndi kafunso kake kakumapeto komwe.

Woyimba anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana masipika, kenako malaya anga.

"Achimwene," anatero, "pachikuto tilembe kuti ndayimba ndi ndani?"