Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene ndinawerengera molakwika

M'gawo lapitali ndinalekeza pa tsiku limene apongozi anga anatuluka m'chipatala. Ndinalemba kuti tonse tinasangalala, ndipo sindinaname. Chimene sindinanene n'chakuti chisangalalocho chinatha pa tsiku lachitatu, achibale atabalalika aliyense kubwerera kwawo, ine n'kutsala ndi wodwala, khanda la miyezi 8, mwana wa zaka 5, ndi ntchito ya ku ofesi imene sinkasamala n'komwe kuti kunyumba kwagwa zotani.

Apongozi anadwala sitiroko. Adokotala anatifotokozera kuti mtsempha wa magazi unatsekeka mbali ya kumanzere ya ubongo, n'chifukwa chake dzanja ndi mwendo wa kumanja ndi zimene zinafa, pakuti ubongo umalamulira thupi mopingasa. Mbali yomweyo ndi imene kwa anthu ambiri imayendetsa kulankhula, choncho mawu nawonso anapita. Anamwino anatilangiza kuti tiziwatembenuza maola awiri alionse kuopa zilonda za pabedi, komanso tiziwadyetsa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, kuti chakudya chisalowere kumapapo. Ndinkangovomera ndi mutu. Sindinaganizire zoti usiku nawo uli ndi maola awiri alionse ake.

Bambo a ana ankagwira ntchito kutali, ankabwera kumapeto kwa mwezi. Masana kunkabwera mayi wina wotithandiza, koma ikangokwana 5 koloko ankanyamuka, poti nayenso anali ndi banja lake. Usiku unali wanga. Ndipo inali nyengo yotseka mabuku a chaka. Amene anagwirapo ntchito ya maakaunti akudziwa mmene zimakhalira: malisiti asowa, ziwerengero zanu zikukana kugwirizana ndi za kubanki, maodita alengeza tsiku lobwera, abwana aima pakhomo kufunsa ngati mwamaliza. Ndinkadzuka 4 koloko kuchapa zofunda, kusambitsa agogo, kusambitsa ana, kenako n'kukakhala pa kompyuta maso akulemera ngati ndawamangirira miyala. Tsiku lina ndinagona m'chimbudzi cha ku ofesi, mutu nditatsamiritsa kukhoma, mpaka wina anagogoda.

Ntchito yanga inanditsatira mpaka mumtima. Ndinatsegula buku lina losaoneka, ndipo ndinkalisunga mosamala kuposa mabuku a abwana. Usiku uno ndadzuka kasanu. Alamu anga, mwana wamkazi wa apongoziwo, atha masiku 6 osaimba foni. Bambo a ana abwera, agona tulo tofa nato mpaka kucha, pomwe wodwalayo ndi mayi awo owabereka. Palibe chimene chinkandiphonya. Mukanandidzutsa pakati pa usiku ndikanakuuzani amene ali nane ngongole ndi kuchuluka kwake. Koma bukulo linali la mbali imodzi, zotuluka zokhazokha. Wophunzira maakaunti wa chaka choyamba akanandiseka.

Lamlungu lina mayi wina wa kutchalitchi, munthu wabwino ndithu, anandigwira dzanja nati, "Amayi, musaiwale, m'zonse yamikani." Ndinayankha kuti ameni. Mumtima ndinati, bwerani mudzagone kwathu usiku umodzi, mudzayamikire komweko. Mpaka lero ndimaonabe kuti vesi loponyeredwa munthu wotopa, woponyayo manja ali m'thumba, limalasa ngati mwala, ngakhale vesilo likhale loona chotani. Masiku amenewo kupemphera kwanga kunali kwa mwambo chabe. Ndinkagwada, n'kudzidzimuka mawondo atachita dzanzi.

Usiku umene ndikufuna kukamba unali wa mwezi wachitatu. Ndinali nditasintha zofunda kawiri, ndipo zouma zinali zitatha. Cha m'ma 2 koloko ndinapita kukawatembenuza, n'kupeza anyowetsanso. Nthawi yomweyo khanda linayamba kulira kuchipinda kwanga. Ndinakalipa. Sindibwereza zonse zimene ndinanena, koma ndinawafunsa apongozi anga, mayi amene anandilandira ngati mwana wawo, ngati akuchitira dala. Ndinawakoka phewa mwaukali. Ndinayala nsalu yanga pansi pawo, ndikupuma mwamphamvu, misozi ikugwera pa pilo wawo.

Iwo anandiyang'ana, pakamwa patakhota monga panalili, nati, "Zikomo."

Ndiyenera kufotokoza apa. Sitiroko inawasiyira mawu ochepa kwambiri: zikomo, Ambuye, ndi kuwerenga manambala kuyambira 1 mpaka 10. Mukawayambira Pemphero la Ambuye ankatha kulitsatira mpaka kumapeto, koma dzina la mwana wawo silinkatuluka. Wa mafizo anali atandiuza kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri: mawu amene munthu wawabwereza moyo wake wonse, monga mapemphero, nyimbo ndi moni, amatha kutsala pamene ena onse apita, chifukwa amatuluka okha osawafunafuna. Ndiye apongozi ankati zikomo pa chilichonse. Akafuna madzi, zikomo. Akakana mankhwala, zikomo. Ndinali nditasiya kuwamva mawuwo, monga mmene munthu amasiyira kumva wotchi ya pakhoma.

Koma usiku umenewo ndinakhala pansi, msana kubedi lawo, khanda lili kubere, ndipo funso lina linandigwira pakhosi. Mayi awa ayankhula kwa zaka zoposa 70. Aika mwamuna m'manda, alera ana okha, ndipo zodandaula sizinawasowe. Matenda atasesa zonse, mawu amene anapezeka atazika mizu kwambiri ndi amenewa. Nanga ine? Mtsempha utanditsekekera usiku uno, ana anga angamamve chiyani kuchokera pakamwa panga kwa moyo wanga wonse wotsala? Yankho sindinalifunefune. "Ndatopa." Ndiwo mawu amene ndinkawanena podzuka, pa foni, ku ofesi, ngakhale kwa mwana wa zaka 5 akandionetsa chimene wajambula.

Sindinatembenuke mtima usiku womwewo ayi. M'mawa mwake ndinali wokwiya monga dzulo, kungowonjezapo manyazi. Koma ndinayambiranso kutsegula Baibulo nthawi yoyamwitsa, ndipo ndinakafika pa 1 Mafumu 19.

Nkhani ya Eliya ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, makamaka ya pa phiri la Karimeli, pamene anaima yekha pamaso pa aneneri 450 a Baala moto n'kutsika. Mutu wotsatirawo ndinkaudumpha. Yezebeli atamuopseza, Eliya anathawira ku Beereseba, n'kusiya mnyamata wake kumeneko, n'kuyenda tsiku lathunthu m'chipululu. Anakhala pansi pa kamtengo n'kuuza Mulungu kuti zakwana, amuchotse. Chimene chinandigwetsa misozi ndi zimene Mulungu anachita. Sanamulalikire. Sanamuuze kuti ayamike. Anamusiya agone, mngelo n'kumudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, n'kumusiyanso agone, n'kumudyetsanso kachiwiri, ati chifukwa ulendo unamukulira. Zokambirana zinadza pambuyo pake, atayenda masiku 40 kukafika ku Horebu.

Ndipo pa Horebu ndi pamene ndinadzipeza ndekha. Kawiri konse Eliya anapereka lipoti lake: ndagwira ntchito mwachangu, aneneri anu aphedwa, ndatsala ine ndekha. Mulungu anamuuza kuti alipo anthu 7,000 mu Israele amene sanagwadire Baala. Monga munthu wa maakaunti ndinaseka. Kusiyana kwa 1 ndi 7,000 si kolakwitsa pang'ono, ndi kochotsetsa munthu ntchito. Ndiponso Eliya sanali wosadziwa. M'mutu 18 Obadiya anali atamuuza pamaso kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga, 50 uku 50 uku, n'kumawapatsa chakudya ndi madzi. Anamva ndi makutu ake, koma kutopa kunafafaniza mzere umenewo m'buku lake. Eliya sananame dala. Munthu wotopa amawerenga bwino kwambiri zimene zatuluka mwa iye, chifukwa thupi limamukumbutsa, pomwe zolowa zimadutsa osazilemba.

Ndinatenga dayale yakale ya ku ofesi, n'kulemba pamwamba pa tsamba kuti Zolowa. Ndinadziikira lamulo la ntchito yanga: palibe cholembedwa popanda umboni. Zoti "zikomo Ambuye chifukwa cha moyo ndi madalitso onse" ndinaziletsa, chifukwa zimenezo ndinkatha kuzinena ndili m'tulo, mtima uli kwina. Ndinkafuna chinthu chenicheni, wochichita, ndi nthawi yake. Usiku woyamba ndinayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Ndinalemba mzere umodzi: mwana wagona maola 4 osadzuka. Ndinalemba monyinyirika, ngati munthu wolipira msonkho.

Pofika sabata yachiwiri bukulo linayamba kundichititsa manyazi. Zofunda zimene ndinkayanika m'mamawa ndinkazipeza madzulo zitapindidwa pakhonde. Ndinkaganiza kuti ndi mayi wotithandiza uja, koma nditafunsa ndinamva kuti anali a neba, amene ankazianula akaona mitambo. Kwa miyezi itatu! Ku ofesi mnzanga wa desiki yoyandikana nane anali akumaliza mwakachetechete zoyerekeza mabuku athu ndi za kubanki, ntchito imene inali yanga, ine n'kumaganiza kuti ndinaimaliza ndekha n'kuiwala. Mwana wanga wamkulu anali ataphunzira kuwagwirira agogo ake kapu. Zonsezi zinkachitika pamaso panga m'miyezi yomweyo imene ndinkauza Mulungu kuti ndatsala ndekha.

Kenako ndinabwerera ku vesi lija limene linandilasa, 1 Atesalonika 5:18, ndipo ndinawerenga kalata yonse m'malo mwa mzere umodzi. Paulo anailemba cha m'ma 50 kapena 51 ali ku Korinto, kumene ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. M'mutu 2 amawakumbutsa Atesalonika kuti anafika kwa iwo atangozunzidwa ku Filipi, kumene iye ndi Sila anakwapulidwa n'kutsekeredwa m'ndende, komanso kuti ali pakati pawo ankagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse aliyense. Mawu aja sanachokere kwa munthu wa manja m'thumba. Anachokera kwa munthu wa zikang'a m'manja ndi zipsera kumsana, ndipo kwa wotereyo ndinali wokonzeka kumvera. Ndinaonanso kuti akuti m'zonse, kutanthauza uli mkati mwake, madzi akadali m'khosi. Ndikudziwa kuti Aefeso 5:20 amapitirira apo, amati chifukwa cha zonse. Kumeneko ine sindinafikeko. Sitiroko ija sindinaiyamikirepo, ndipo sindinamizira.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti kuyamika kunanditsegula pakamwa kuti ndipemphe. Pamene ndinkasunga buku la ngongole, sindinkapempha thandizo kwa aliyense. Ndinkafuna azindikire okha, ndipo akapanda kuzindikira ngongole yawo inkakwera, zimene mwanjira ina zinkandikoma. Koma Eliya pochoka ku Horebu sanangopatsidwa chiwerengero chokonzedwa. Anatumizidwanso kwa Elisa, munthu woti aziyenda naye. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndinali ndikulisenza mwaukali kuti anthu aone khosi likupindika.

Ndinawaimbira alamu. Ndinayamba ndi kuthokoza chifukwa cha mankhwala a BP, amene ndinali nditangodziwa kumene kuti ndi iwo ankagula mwezi ndi mwezi. Kunali zii kwa kanthawi, kenako anati, "Alamu, ine ndimaopa kuimba. Ndikaimba mumayankha ngati ndakulakwirani." Sindinatsutse. Ndinati, "Ndalema, alamu. Mungabwere Lachisanu mudzagone nawo amayi mpaka Lamlungu?" Anabwera. Usiku wa Lachisanu limenelo ndinagona maola 9, ndipo nditadzuka ndinalira osadziwa chondiliza. Bambo a ana nawo ndinakambirana nawo mosapita m'mbali, ndipo atabwera mwezi wotsatira maola awiri alionse anali awo. Anadandaula msana tsiku lachiwiri lokha. Sindinanene kanthu, ngakhale ndinali nazo zonena.

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Ntchito sinachepe, maodita anabwera n'kupeza zolakwika zanga ziwiri, ndipo khanda linayamba kumera mano. M'dayale ija muli masamba opanda kanthu, ena atatu otsatizana, masiku amene ndinkaiyang'ana n'kuiponya pansi pa bedi. Pali tsamba lina pamene ndinangolemba kuti "lero latha." Komabe ndinkabwererako, nthawi zambiri mtima usakufuna, monga mmene apongozi ankakwezera dzanja lakufa lija pa mafizo, kakhumi m'mawa kakhumi madzulo, nkhope ili gwaa, popanda chooneka kuti chikusintha. Ndinayambanso kuwayankha. Akati zikomo, ine ndinkati, "Zikomo ndi inu, amayi." Za usiku uja ndinawapepesa nditagwada pambali pa bedi. Anandisisita kumutu ndi dzanja lamanzere.

Mwezi wachisanu uli pakati, m'mawa wina ndinkawasambitsa mothamanga chifukwa ndinali nditachedwa. Madzi sindinawayese ndi chigongono monga ndinkachitira. Nditangowathira kumsana anadzidzimuka, nanditembenukira ndi diso lija limene ana awo onse ankaliopa, milomo ikulimbana, nati, "Ozizira!"

Ndinagwetsa kapu. Mawu atsopano, oyamba kuchokera tsiku limene anagwa, ndipo anali odandaula. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa simenti yonyowa, iwo akundiyang'anabe mokwiya chifukwa madziwo analidi ozizira. Ku ofesi ndinafika 9 koloko, abwana n'kundiitanira kuchipinda kwawo. Madzulo ake ndinatsegula dayale n'kulemba pansi pa Zolowa: amayi andikalipira, 5:40 m'mawa.

Gawo lotsatira ndidzakamba za zimene abwana anandiuza m'chipinda muja, ndi kalata imene ndinabwera nayo kunyumba.